Falida ndi Akamvuluvulu

Dzina loti Akamvuluvulu anawapatsa ndi amayi oyanika matemba ku doko la Kachulu, ndipo silinali dzina lowayamikira. Loweruka lililonse m'chilimwe, dzuwa likangopendeka, amuna a njinga zamoto ankasonkhana pa chigayo cha a Medson, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba. Akakwanira ankaliza njinga zawo nthawi imodzi n'kuyamba kupikisana mpaka kudoko, pobwerera n'kudzera m'timisewu ta mu sikimu ya mpunga ya Likangala. Kumene adutsa kunkatsala fumbi lofiira pa nsomba, pa zovala zoyanika, ngakhale m'maso mwa makanda. Anthu ankangong'ung'udza chapansipansi, poti okwerawo sanali anthu oti n'kuwaloza chala. A Medson anali ndi chigayo ndi golosale. A Pearson anali mphunzitsi wamkulu, ndiponso ankadyera limodzi ndi atsogoleri a chipani m'deralo. Panali a Thomson, telala, ndi ena angapo ogwira ntchito m'maofesi ku Zomba.

Amene anayambitsa gululo anali Saidi, mwamuna wa Falida. Anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi Honda yofiira, ndipo ndiye anaphunzitsa a Medson kusintha magiya pa nthawi imene iwo ankadziwa njinga yakapalasa yokha. M'gulu monsemo Msilamu anali yekha, wogulitsa nsomba analinso yekha. Anzakewo ankamuseka kuti amanunkha matemba, koma pamsewu panalibe womupitirira, choncho ankamupirira.

Loweruka lina m'chaka cha 1982, Saidi ndi a Medson anali patsogolo, akuyenda mogundizana, wina osafuna kusiyira mnzake. Pokhota panatulukira ngolo ya ng'ombe yodzaza nkhuni. Mpata wodutsa unali wa njinga imodzi. A Medson sanapatuke, ndipo Saidi anakawomba ngoloyo n'kuthyoka msana.

Zimenezo Falida akanatha kuzilandira kuti ndi ngozi. Chimene chinamukhala pamtima ndi zimene anzakewo ananena pambuyo pake. Poopa kuti zidziwika zoti ankachita mpikisano pamsewu wa boma, anagwirizana mawu amodzi: Saidi anali yekha patsogolo, ndipo anali ataledzera. Munthu woti chibadwire sanalaweko mowa. Nkhaniyo inafika mpaka ku mzikiti, moti ena obwera kudzazonda matenda ankakhala pakhonde nkhope zitauma, ngati abwera kudzaona wakuba.

Saidi anatuluka m'chipatala miyendo itafa. Nyumba yawo inali m'mbali mwa msewu womwewo, ndipo Loweruka lililonse ankapempha kuti amumete ndevu, amuveke malaya ochapa, amukhazike pakhonde nthawi ikadalipo. Akamvuluvulu ankadutsa. Ena ankaliza hutala. Woima panalibe.

Tsiku limene a Medson anabwera, patapita miyezi, Saidi anasangalala ngati mwana. Anauza Falida kuti atereke tiyi ndi kutulutsa mpando wabwino. Koma a Medson sanakhale n'komwe. Maso awo anali pakhomo, kumene njinga inaimikidwa itafunditsidwa ziguduli.

"Ndati ndikuoneni, Che Saidi," anatero. "Komanso njinga ija ikungochita dzimbiri. Pali mphwanga akuifuna. Tikhoza kukambirana."

Saidi anangoyang'ana mapazi ake.

"Njinga sikugulitsidwa," anatero Falida, makapu ali m'manja.

"Alamu, ndikulankhula ndi mwini wake."

"Mwini wake ndi chidakwa, si mmene munanenera? Mungapangane chiyani ndi chidakwa? Lankhulani ndi ine."

A Medson anaseka, koma kuseka kwa mano okha. "Ndiye muziikwera ndinu?"

"Ndiziikwera ndine."

Mawuwo anangomutuluka chifukwa cha mkwiyo. Anali asanaganizepo zimenezo. Koma a Medson atapita, tiyi atazizira m'makapu, anayamba kuona kuti si zamisala kwenikweni. Banja lonse linkadalira nsomba, ndipo chigonereni Saidi, Falida ankapita ku msika wa ku Zomba pa malole a matola, amene ankabwera tsiku limene afuna. Kawirikawiri ankafika ogula atabalalika kale.

Makanika wina wa padoko anawongola kutsogolo kwa njingayo, kumene kunapindika. Saidi poyamba anakana kumuphunzitsa, koma atangomva injini ikulira, mtima sunamulole. M'mawa uliwonse Falida ankamunyamulira kuseri kwa nyumba, kumene kunali bwalo louma, ndipo Saidi ankakuwa ali chigonere pamphasa, akuitana mkazi wake ndi dzina la bambo ake monga ankachitira masiku onse.

"Kilachi muziisiya pang'onopang'ono, Abiti Issa! Mukuitaya ngati mwagwira njoka!"

Falida anagwerapo m'munda wa chinangwa wa eni, anaphwanyapo khola la abakha, ndipo tsiku lina ekizosi inamuwotcha pa katumba mpaka khungu kusupuka. Apo m'pamene Saidi anamuuza kuti atulutse thalauzi lake lakale la ku mgodi pamodzi ndi majombo. Onse awiri ankadziwa kuti lamulo silinkalola mkazi kuvala thalauzi. Falida ankalipisa m'majombomo, pamwamba n'kumanga chitenje chofika kumapazi, moti wongoona sakanadziwa kanthu.

Mchimwene wake Yusufu anabwera atakwinya nkhope.

"Achemwali, ku mzikiti sindikutha kudzutsa mutu. Mkazi kumatangadza pa chitsulo anthu akuona?"

"Mukandipatsa lole yanu ndisiya, achimwene."

"Ine ndili ndi lole yanji?"

"Ndiye khalani pansi mumwe tiyi."

Pofika chilimwe chotsatira anthu anali atazolowera kumuona m'mamawa akulowera ku Zomba, madengu a matemba atamangidwa kumbuyo. Zikanathera pomwepo pakanapanda za Loweruka.

Loweruka lina kunali mphepo yochokera kumsewu. Falida anali kuseri akuchapa pamene anamva phokoso la njinga likuyandikira. Potulukira pakona pa nyumba anaona mwamuna wake, m'malaya ake oyera, atakweza dzanja m'mwamba. Gulu linadutsa, ndipo fumbi lonse linakhamukira pakhondepo. Saidi sakanatha kulithawa. Anakhala momwemo akutsokomola, dzanja likadali m'mwamba, ndipo fumbi litatsika nkhope yake inali ndi mizere ya matope kuchokera m'maso. Falida anamupukuta.

Loweruka lotsatira Falida anathira petulo, anamanga mpango mwamphamvu, navala chisoti cha Saidi.

"Mukupita kuti?" anafunsa Saidi. "Lero si la msika."

"Ndibwera posachedwa."

Pa chigayo anapeza njinga zitandandalikidwa pamthunzi, eni ake akuseka. Atamva kulira kwa Honda ija anatembenuka onse nthawi imodzi, poti kulira kwake ankakudziwa. Falida anaimika njinga kumapeto kwa mzere ndipo sanatsike.

"Mwabwera kudzagayitsa, alamu?" anafunsa a Pearson. "Nanga chimanga chili kuti?"

Ena anaseka.

"Ndabwera kudzayenda nawo."

A Medson anaimirira, napukuta manja m'chiguduli mosafulumira. "Gulu ili n'la amuna."

"Gulu ili analiyambitsa ndi mwini njinga iyi. Malo ake alipo. Ndabwera kudzakhalapo."

"Malo ake anatha."

"Ndiye msewu uwu munaugula liti? Ndiuzeni kuti ndizidzera kwina."

A Thomson, amene sankakonda kulankhula, anati chapansipansi, "Musiyeni. Atopa yekha."

Falida sanatope, koma anazunzika. Njinga zitangonyamuka anamira m'fumbi moti sankaona ngakhale tayala lake lakutsogolo. Iye anazolowera kuyenda ndi katundu, mosamala, kuzemba maenje. Awa ankawalumpha maenjewo. Anafika padoko womaliza, anzake atatsegula kale mabotolo, nkhope yake ili psuu ngati njerwa. Amayi oyanika matemba sanamuombere m'manja. Mmodzi, amene ankagula naye nsomba kwa asodzi tsiku ndi tsiku, analavula pansi.

"Nawenso, Falida? Fumbi la amunawa silinatikwane?"

Falida anaimika njinga moyang'anizana ndi benchi imene Akamvuluvulu anakhalapo, anavula chisoti, n'kuyamba kuwayang'ana. Sanagule chakumwa, sanalankhule. Ankangoyang'ana a Medson, kenako a Pearson, kenako wotsatira. Nthabwala zinayamba kufa pakamwa. Wina akayamba nkhani, inkathera panjira. Tsiku limenelo amunawo ananyamuka msanga, mabotolo ena asanathe, ndipo Falida anaona kuti zimene anabwerera wazipeza.

Kunyumba Saidi sanafunse kanthu. Anali atamuona akudutsa kumchira kwa gululo, ndipo anatembenukira kukhoma.

Loweruka linalo Falida anapitanso, ndi linalonso. Amunawo anayamba ndi kumunyoza, kenako anayamba kumuchita chipongwe chenicheni. Akafuna kupitirira wina, ankamutsekera njira, uku ndi uku, mpaka akalowe mumchenga. Tsiku lina anangotsika pang'ono kukapempha madzi akumwa, pobwera anapeza tayala lakumbuyo laphwa, pali minga ya kanjedza yolowetsedwa ndi dzanja. Anakankha njingayo mpaka kunyumba, dzuwa likuwotcha, ana akumutsatira ndi nyimbo yomunyoza. Kuyambira pamenepo sankatsikanso. Madzi ankanyamula m'botolo, ndipo akafika padoko ankakhala pa njinga pomwepo ngati anamumangirirapo.

Koma mlungu uliwonse ankaphunzirapo kanthu. Anaona mmene a Thomson ankaimirira pa zopondera akafika pa mabampu, naye anayamba kutero. Anaona kuti pamchenga sumachepetsa moto, umawonjezera. Ndipo njingayo inali ya Saidi, yosamalidwa ndi munthu amene ankaimvetsera ngati mwana wodwala. Anayamba kupitirira akalaliki a ku Zomba, mmodzimmodzi. Chinanso chimene sanauze munthu n'chakuti anayamba kuzikonda. Mphepo ikamamuwomba pachifuwa, msewu ukuthawira kumbuyo, phiri la pa chilumba cha Chisi likukula kutsogolo pakati pa madzi, ankaiwala kwa kanthawi kuti anabwera ndi mkwiyo. Akatero ankadzida yekha.

Tsiku lina, pamalo owongoka pafupi ndi sukulu, anapitirira a Pearson. Ana anali m'mbali mwa msewu ndipo anakuwa mosangalala kuona aphunzitsi awo akulu akusiyidwa ndi mkazi. Pomwepo mphepo inakweza chitenje cha Falida mpaka m'mawondo. Anachitsitsa msanga, koma a Pearson anali kumbuyo kwake kwenikweni.

Lolemba m'mawa Falida akumanga madengu padoko, anamuzungulira anyamata a chipani, zibonga zili m'manja.

"Khadi la chipani, mayi."

Anawapatsa. Wamkulu wawo analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumubwezera.

"Tsopano kwezani chitenje."

"Mwana iwe, ndine msinkhu wa mayi ako."

"Mayi anga savala thalauzi. Kwezani, kapena tikweza ndife."

Anthu anasiya malonda n'kuyamba kusonkhana. Mayi wina wachikulire anapempha kuti nkhaniyo ikathere kuseri kwa shedi, iye yekha ndiye akaone. Anamulola. Kuseriko mayiyo anangotambasula manja, ndipo Falida anavula majombo ndi thalauzi n'kumupatsa. Anyamata aja analikoleka pa nsungwi n'kuyenda nalo doko lonse akuimba, kenako analitentha pakati pa msika. Atatero anagwaditsa Falida pamchenga wotentha mpaka dzuwa kufika pamutu, nsomba zake zikutera ntchentche, n'kumuuza kuti akadzabwereza akakafotokoza ku khoti. Ali chigwadire anaona a Pearson ataima pakhomo pa tiyirumu, akupemerera tiyi wawo.

Nkhani inafika kunyumba iye asanafike. Anapeza Yusufu ali pakhonde ndi Saidi.

"Mwaona tsono?" anatero Yusufu. "Dzina la bambo athu alikoleka pa nsungwi. Mukufunanso chiyani?"

"Zakwana, Abiti Issa," anatero Saidi. "Ku msika muzipita. Za Loweruka zisiyeni. Anthu aja ndimawadziwa ine."

"Mumawadziwa? Mukanawadziwa bwenzi mukumeta ndevu Loweruka lililonse?"

Saidi anatseka maso. Yusufu ananyamuka osatsanzika.

Loweruka lake kunali kutentha kwa mwezi wa Okutobala, kumene ngakhale mthunzi umawotcha. Falida anakulunga miyendo ndi nsanza za chiguduli, anavala majombo, n'kupita. Amunawo atamuona akutulukira, ena anatukwana mokweza. A Medson anabwera pafupi, nagwira handulo ya Honda ndi dzanja limodzi.

"Mayi Saidi, ine ndapirira. Lero mukatitsatira, zimene zikuchitikireni musadzanene munthu."

"Chotsani dzanja lanu pa njinga ya mwamuna wanga."

Mpaka kudoko sipanachitike kanthu. Pobwerera analowa mu sikimu. Kamsewu kake kanali kopapatiza: kudzanja lamanja ngalande yaikulu yodzaza madzi, kumanzere minda ya mpunga wa m'chilimwe, alimi atawerama m'matope. Falida anapitirira a Thomson, anapitirira wina, n'kupezeka kuti patsogolo pake patsala a Medson okha. A Medson anacheuka, namuona. Anayamba kuyenda mokhotakhota kutseka njira. Kenako anachita ngati alakwitsa, n'kusiya mpata kumanzere, cha ku minda. Falida analowamo.

Atangofika pambali pawo, a Medson anayamba kumufinyira kumphepete. Tayala la Honda linayamba kudya udzu wa m'mbali. Falida anaona jombo ya a Medson ikuchoka pa chopondera n'kubwera kudzakankha thanki. Nthawi yogwira buleki inalipo. Akanatsalira kumbuyo, n'kupita kunyumba wamoyo bwinobwino. Anaidziwa nthawiyo, ndipo anaisiya idutse. Anawonjezera moto n'kukhotetsa handulo kulowera kwa a Medson.

Zitsulo zinalumana. Falida anaona thambo, kenako matope. Atadzidzimuka anali chagada pakati pa mpunga, dzanja lamanzere litagona mwa njira yoti dzanja siligonera, ndipo m'kamwa munali magazi. Honda inali chapatali, tayala likuzungulirabe. A Medson sankaoneka. M'ngalande munkangotuluka thovu.

Anawavuula ndi alimi. Njinga yawo inali itawapsinja ntchafu pansi pa madzi, ndipo pofika pamtunda anali akusanza madzi, mwendo ukulendewera. Alimiwo sanabwere ndi chisoni. Anabwera ndi makasu m'manja, ndipo anazungulira gulu lonse.

"Onani mpunga wanga!" anakuwa mayi wina, matope ali mpaka m'chiuno. "Onani! Petulo yense m'madzi! Mwezi wathawu munapha mbuzi yanga, lero mwafuna kupha ana athu?"

"Mayi, ine ndi mphunzitsi wamkulu," anayamba a Pearson.

"Kaphunzitseni kusukuluko! Muno ndi m'munda!"

Bambo wina anamenya nyali ya njinga ya a Pearson ndi mpini, galasi n'kumwazika. Apo Akamvuluvulu anadziwa kuti maina awo sawathandiza. Anagoneka a Medson m'ngolo ya mlimi wina, amene anavomera atamuchonderera kwambiri. Falida palibe anamuyang'ana, mpaka a Thomson anatsikira m'matopemo, anamanga dzanja lake ndi mpango wake womwe, n'kumukweza kumbuyo kwa njinga yawo.

Pa geti la chipatala, pomutsitsa, Falida anati, "Zikomo, a Thomson."

"Musandithokoze, alamu. Sindinakunyamuleni chifukwa chokukondani. Ine mlungu wonse ndimakhala chiweramire pa makina, tsiku langa linali limodzi lokhali. Mwationongera."

Ananyamuka osadikira yankho.

Apolisi atabwera kudzafunsa, a Medson anati njinga zinangogundana. Falida anatinso njinga zinangogundana. Aliyense anali ndi chake chobisa, ndipo nkhani inathera pomwepo. Koma mu sikimu alimi anagoneka mitengo m'timisewu tonse, n'kusiya mipata yongokwana munthu wapansi ndi njinga yakapalasa. Akalaliki a ku Zomba anasiya kubwera. Ena anati ayamba kuyenda cha ku Domasi. Pa chigayo, Loweruka masana, pankangomveka chigayo chokha.

Falida anabwerera kunyumba dzanja lili m'chikhakha. Anapeza Honda itabwera kale pa ngolo, thanki itaphwanyika, kutsogolo kutapindika kuposa poyamba paja. Saidi anali atapempha kuti amukokere pafupi nayo, ndipo ankachotsa matope ouma pa injini ndi kamtengo. Sanadzutse mutu.

"Munachita dala?"

"Eya."

"Ndinakutumani?"

"Simunanditume."

Saidi anapitiriza kukokota matope. Atalankhulanso, mawu ake anali otsika.

"Loweruka ndinkamva njinga zija zikadali kutali. Ndinkadziwa kuti iyi ndi ya Thomson, iyo ndi ya Medson ndipo pulagi yake yatha. Ndinkadziwa amene ali patsogolo ndisanawaone. Tsiku limodzi pa mlungu ndinkakhala ngati ndili pamsewu. Tsopano ndizimvera chiyani? Achule?"

"Anthu amene anakutchulani chidakwa?"

"Ndikudziwa zimene ananditchula!" Anaponya kamtengo kaja pansi. "Msana ndi wanga, dzina ndi langa. Mukanandisiyira ndekha kuti ndiwade kapena ndisawade. Inu muli ndi miyendo, Abiti Issa. Mukhoza kudana ndi dziko lonse n'kupita kwina. Ine ndipita kuti?"

Falida anafuna kuyankha, koma mawu amene anabwera onse anali aukali, ndiye anawameza. Analowa m'nyumba.

Dzinja lonse anakhala ngati anthu ongobwereka nyumba imodzi. Falida ankamusambitsa ndi dzanja limodzi, ankamutembenuza, ankamupatsa chakudya, ndipo mawu awo anali a madzi, sopo ndi mankhwala. Dzanja linapola mokhota, moti silinkawongoka bwino pachigongono. Malonda anayenda movuta, chifukwa amayi ena padoko anasiya kumusungira nsomba, ati ndi mkazi wofuna kupha anthu. Makanika uja anakonza njinga pang'onopang'ono, zitsulo zina akuchita kuzifunafuna mpaka ku Limbe. Thanki inabwera yakuda, yochokera pa njinga ina.

Mvula itatha, msewu utauma, Falida anayambanso kupita ku Zomba. M'mawa wina wa Lachisanu akupukuta njinga, Saidi anamuitana.

"Ndikufuna kukaona nyanja."

"Ndikafunse ngolo?"

"Sindine thumba la chimanga. Mundikweze pamenepo."

Anaitana Yusufu, amene anabwera akudandaula kuti banja ili latha nzeru lonse, koma anathandiza. Anamukhazika Saidi kumbuyo, mapazi anawamangirira pa zopondera, ndipo thupi lake analimanga kumsana kwa Falida ndi zitenje ziwiri ngati mwana. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona. Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Falida ananyamuka mosamala kwambiri.

Sanapite patali Saidi asanayambe.

"Mwachedwa kusintha giya. Simukumva mmene ikulirira?"

"Ndikumva."

"Ndiye sinthani. Dzenje ilo! Mumayang'ana kuti? Makanika wanuyo tcheni wamanga kwambiri, wakuba ameneyo."

Analongolola njira yonse, mpweya wake uli pakhosi pa mkazi wake, ndipo Falida anamusiya alongolole. Chigonereni anali asanalankhulepo mawu ochuluka choncho.

Padoko madzi anali atadzaza mpaka m'mabango, mabwato ochokera ku Chisi akutsitsa anthu ndi nkhuni. Falida anaima pafupi ndi madzi, mapazi onse pansi kuti njinga isapendeke. Saidi anayang'ana nyanja. Kenako thupi lake linauma, ndipo Falida anatsatira kumene ankayang'ana. A Medson anali pomwepo, ataonda, atatsamira ndodo, akusankha makumba m'bwato la msodzi. Mwendo wawo wamanja unali utafupika.

"A Medson," anaitana Saidi. "Muli bwanji?"

A Medson anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana Saidi, anayang'ana zitenje zimene zinamumanga, anayang'ana thanki yakuda ija.

"Che Saidi," anatero pomaliza, "mumuuze mkazi wanuyo kuti ine ndi iye sitinathane."

"Ndamva ndekha," anatero Falida. "Ndimadutsa pa chigayo panu m'mawa uliwonse. Simusowa kundifunafuna."

A Medson analavula pamchenga, anasiya nsomba zija m'bwato momwemo, n'kumapita akutsimphina. Msodzi anawakuwira kuti abwere adzatenge, koma sanacheuke.

Saidi anawayang'ana mpaka anakalowa kuseri kwa mashedi. Falida ankadikira kuti amukalipira, kapena kuti apempha kubwerera kunyumba.

"Makumba awowo ndi abwino," anatero Saidi. "Afunseni asodziwo ngati sanagulidwe."

A Medson sanachite chilichonse pa zimene anaopseza, koma sanakhululukenso. Anakhala zaka zambiri akudutsana ndi Falida pamsewu womwewo, pa maliro, pa msika, osapatsana moni. Ana awo anakula akudziwa kuti nyumba iyo salowako, ngakhale ena mwa iwo sankadziwa bwino chifukwa chake.